Nsomba za Chikowa ndi Imfa ya Bambo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumudziko ku Ulongwe, pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Matundo tilipo, kungoti dzuwa likuwotcha monga mwa nthawi zonse.

Mwezi watha kumgodi wa malasha ku Moatize kunabwera anthu oyeza matenda akumtundu. Ndinalavulira m'kabotolo, iwo n'kukatumiza ku Joni. Dzulo adotolo anandiitana kuti andiwerengere zotsatira. Akuti thupi langa siligwirizana ndi mchere wambiri, ndipo vutoli limayenda m'magazi a banja lathu. Kenako anandifunsa kuti, "Kodi kwanu alipo amene anagwa mwadzidzidzi n'kufa ziwalo mbali imodzi?" 

Achimwene, umu ndi mmene anapitira bambo. Ife tinaloza chala azakhali aNabanda kuti ndiwo anawalodza, ndipo inu munawathamangitsa pamaliro ine ndikuvomereza. Koma dzulo pobwerera kuchokera kwa adotolo, minibasi ya chapa ikuwoloka mlatho, ndinakumbukira kuti chiyambireni ntchito ndinkawatumizira bambo nsomba zamchere za chikowa mwezi ndi mwezi. Ndinkachita kunyadira kuti ndikuwadyetsa bwino.

Chikowa ndasiya, ndipo alamu anu achepetsa mchere m'ndiwo. Nanunso pitani kuchipatala akakuyezeni kuthamanga kwa magazi, chonde musazengereze. Ndikupemphanso kuti mupite kwa azakhali, mukawauze kuti ndikubwera kudzagwada pakhomo pawo.

Mulungu akusungeni nonse, ndipo iwonso awasunge ndi moyo mpaka ndifike.

Ine mng'ono wanu,
Fernando