Vinyo wotsala m'chikho

Lamulungu, 2 Marichi
Ndapereka umboni kutchalitchi kuti mowa ndinasiya. Anthu kuwomba m'manja, mai a ana kulira. Abusa kundigwira paphewa: "Aphunzitsi athu a sayansi amasulidwa!" Mawu amenewo ndi awo. Ine ndinangoti ndasiya. Ludzu likadalipo, makamaka madzulo poweruka.

Lachitatu, 5 Marichi
Andipatsa udindo: kukonza Mgonero ndi kutsuka chikho. Akuti ndi ulemu. Kukana kunandikanika. Womasulidwa angaope bwanji chikho cha Ambuye? Mlamu wanga kuseka: "Alamu, kale mumakagula nokha, lero akupatsani waulere."

Loweruka, 8 Marichi
Kachipinda ka kuseri kwa guwa. Kabati, nsalu zoyera, fungo la makandulo. Ndawerenga pabotolo. Ndi vinyo weniweni, mowa ulimo. Mkulu wa mpingo wandionetsa kagwiridwe ka ntchito. "Wotsala m'chikho satayidwa, ndi wopatulika. Mumalize inuyo, kenako mutsuke." Ndinangogwedeza mutu. 

Kunyumba ndawerenganso za ubongo wa chidakwa. Ubongowo sukumbuka zoti munthu analapa. Pemphero ndimalikhulupirira. Koma chimene chili m'botolo muja sichisintha polowa m'magazi. Ndapemphera kuti mawa anthu abwere ambiri.

Lamulungu, 9 Marichi
Mvula. Anthu ochepa. Chikho chabwerera asanamwe ndi theka lomwe. Mkulu uja ataima pakhomo, kudikira kuti atseke. Ndamwa. Ndatsuka bwinobwino, ndapukuta.

Lachinayi, 13 Marichi
Kusukulu sindinapite kuyambira Lolemba. Mai a ana anauza ahedi kuti ndi malungo. Mai a anawo anakanditenga okha kuseri kwa bala. Mutu ukuphulika. Kwa Mulungu ndilibe chonena chatsopano. Zonse ndinanena kale, ndi mawu omwewa.

Uthenga wa abusa pafoni: Lamulungu ndikalankhule kwa achinyamata za ufulu mwa Khristu. Ndikatha, Mgonero.

Lachisanu, 14 Marichi
Ndikakana, onse adziwa. Ndikavomera, chikho chija. Ndayesa kufuna njira yachitatu, palibe.

Mai a ana andiikira foni patebulo, pafupi ndi tiyi. "Bambo a ana, bodza la malungo ndanena komaliza. Abusa muwauza ndinu, kapena ndiwauze ine?"

Ndaimba. Sanayankhe, ndipo mtima unakondwa, ndisaname. Mai a ana sanachoke pampando. Tsopano foni ikulira. Ndi abusa.