Mawanga M'nyumba ya Kenan

Mayani, Dedza
9 Disembala 1913

Wokondedwa mng'ono wanga Kenan,

Moni wochuluka kuchokera kuno kumapiri. Kodi uli bwanji kumigodi ya ku Halaleko? Chifuwa chija chinakusiya? Ife tili bwino, amayi akungodandaula mawondo monga mwa masiku onse.

Ndikulemba ndili ndi mtima wonyada, ndipo undilole ndidzitame pang'ono. Ng'ombe yako Mawanga, imene unandisungitsa kuti ikhale malowolo a Agnesi, ili moyo.

Chilimwe cha chaka chino chinali choopsa. Osaka mbewa anatentha tchire msanga, moto unalowa mpaka m'dambo, ndipo pofika Okutobala kunalibe msipu ngakhale wotola ndi zala. Ng'ombe za m'mudzi muno zinaonda mpaka kuwerengeka nthiti.

Mwenye wa sitolo uja amadziwa nyengo kuposa ife alimi. Pokolola amabweretsa mchere ndi makasu. Koma dzuwa litafika poswa mtengo anatulukira ndi amtengatenga ake, nayala pansi pa mkuyu nsalu za biriwita, mikanda ndi mabulangete ofiira. Ankauza aliyense kuti ng'ombe yoonda sifika ku mvula, bwino kusinthitsa isanagwe. Akazi ataona nsaluzo, amuna awo sanapumenso.

Atate athu aang'ono, a Anselmo, anapereka ng'ombe zawo ziwiri, kenaka anandilondola kukhola. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipereke Mawanga kuti ubwere udzapeze bulangete, osati chikopa. Ndinawayankha mwaulemu kuti atate a Agnesi sanapemphe bulangete. Anachoka akupukusa mutu, nati sukulu ya mishoni yandizunguza bongo.

Apa ndiye pali mlandu wanga, mbale wanga, ndipo ndiulula ndekha ena asanakulembere.

Titakolola mu Meyi, ine sindinatenthe mapesi monga timachitira. Ndinakumbukira mmene ng'ombe ya malemu atate inafera chaka chija ikunyambita dothi. Ndinatuta mapesi, makoko ndi masangwe a mtedza, koma posunga panalibe, pakuti panja mbuzi ndi moto zikanamaliza. Ndiye ndinatsekula nyumba yako yatsopano, ija unazira bwino kuti mudzalowemo ndi Agnesi, ndi kuidzaza mpaka kudenga.

Anthu anandiseka kwambiri. Amayi a kuchitsime ankati Yeremiya wakolola zinyalala, chimanga wasiyira anzake. Manyazi ndinali nawo, sindibisa, koma m'mawa uliwonse ndinkasolola mtolo umodzi, kuwaza madzi amchere, ndi kupatsa Mawanga.

Tsiku lina ndili kumaliro ku Linthipe, iyo inatopa kudikira. Inathyola chitseko, inagumula khoma la kum'mawa, ndipo ndinaipeza itagona pakati pa nyumba yako ikubzikula ngati mwini wake. Kuyambira pamenepo inakana khola. Nyumba yako tsopano ikununkha ndowe, ndipo mbewa zonse zothawa moto zinasamukira mmenemo.

Koma tamva izi. Chizimalupsya chinagwa, msipu unaphuka, ndipo sabata yatha Mawanga yabereka thole lalikazi, lamawanga ngati make. M'mudzi monse ng'ombe yoyamwitsa ndi iyi yokha. Mwenye atabweranso anaiyang'ana nthawi yaitali, naonjeza nsalu pamwamba pa nsalu, ine ndinangomupatsa moni wabwino. A Anselmo dzulo anafika atafunda bulangete lawo lofiira, thukuta lili kamukamu, kudzapempha mkaka wa mdzukulu wawo wodwala. Ndinawadzazira chikho, ngakhale lilime linkandiyabwa kuti ndiwaseke.

Chimene ndinkaopa ndi maso a Agnesi. Ndinapita kwawo kukapepesa za nyumba, koma iye anaseka mpaka kugwira nthiti. Anandiuza kuti mitolo ya masangwe imene ndinkaipeza pakhomo osadziwa mwini wake ankatula ndi iye, kuchokera m'munda wa make. Anati ndikuuze kuti khoma amamanga ndi dothi, ndipo dothi silinathe ku Mayani.

Tsono usandikwiyire, Kenan. Pempha kwa akapitawo ako ubwere mvula ikatha. Atate a Agnesi aona ng'ombe ndi thole lake, ndipo akuti akudikira iwe yekha. Mitengo ya chitseko ndadula kale, koma ndowe udzakolopa wekha.

Upereke moni kwa a Gerevazio ndi onse akwathu amene uli nawo kumeneko. Mulungu akusunge pansi pa nthakapo, akubweze wamoyo.

Ndine mkulu wako,
Yeremiya