Mukatenge Mwana Ndisanalankhule ku Khoti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mtima uli m'mwamba, ndipo ndikufuna nkhaniyi muimve kwa ine mwini apongozi anga asanaithire mchere.

Mukudziwa kuti mwa anthu akwathu amene tili kuno, ndine ndekha amene mapepala anga okhalira ali bwino, ndiye ndine ndekhanso wa akaunti ku banki. Aliyense akalandira kake amadzera kwa ine. Ndimaika, ndimatapa, n'kumupatsa, osadulapo ngakhale ya basi. Ena mpaka amangonditcha Abanki.

Mwezi watha kunabwera mng'ono wawo wa malemu amuna anga, uja timamuti a Jekete chifukwa savula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anandipeza kuchipinda chochapira cha hotela ndikusita mashiti, thukuta lili kamukamu. Anali ndi mane oda, mapepala a ndalama aja amagulidwa ku positi. Anati wawalipira ndi munthu amene amugulitsa galimoto. Galimoto yomwe ine sindinaionepo! Koma poti ndi achibale, ndinapita ku banki nthawi ya nkhomaliro, ndinasaina kumbuyo kwake n'kuika. Ndalama zitaoneka mu akaunti ndinatapa n'kukawapatsa m'manja pa sitolo ya pangodya. Anandigulira chakumwa chozizira, ati kuthokoza.

Sabata yapitayi khadi langa linakana pa makina. Nditalowa mkati anandikhazika m'kachipinda ka magalasi, mayi wina wa banki n'kuyala mapepala aja patebulo. Anati ndi abodza, ongosindikiza kunyumba. Ndinamufunsa kuti nanga iwo ndi sukulu zawozo anawalandiriranji n'kundipatsa ndalama. Anayankha mofatsa kuti banki imapereka kaye n'kumafufuza pambuyo, ndipo woika ndiye amasenza, kaya amadziwa kaya sadziwa. Akaunti atseka, malipiro anga a mwezi uno agwera m'dzenje lomwelo, ndipo nkhani yafika kupolisi. Abwana kuntchito akuti ndikapezeka wolakwa ndisadzaonekenso pa geti. Ntchito ikapita, chiphaso chokhalira kuno chipita nayo.

Loya amene andipatsa sanandibisire. Ndalamazo ndibweza ndithu, poti ndinasaina ndine, ndipo sindikukana. Koma mlandu wa chinyengo ungandichoke ndikatchula amene anandipatsa mapepalawo.

Apa ndiye chibale chayamba kulira. A Jekete azimitsa foni, koma mayi awo andiimbira mpaka khutu kutentha. Akuti ndikanene kuti anandipatsa ndi munthu wachilendo amene sindikumukumbuka nkhope, chifukwa mwana wawo alibe mapepala, akamugwira amubweza kumudzi chimanjamanja. Akuti ine ndine mkazi wamasiye, woweruza andimvera chisoni. Akuti chibale ndi fupa, sichiola. Ndinawafunsa kuti pamene ankandipanikiza m'kachipinda ka magalasi kaja, wachibaleyo anali kuti. Akwathu enanso, omwe aja ankagogoda pakhomo panga kumapeto kwa mwezi uliwonse, akuti ndisaulule, apolisi angayambe kusuzumira m'nyumba za onse. Tikakumana pamsewu akumayang'ana m'mashopu.

Achimwene, ndakwiya, sindibisa. Manja angawa anasupuka ndi sopo wa ku hotela kuti dzina langa likhale loyera m'dziko la eni. Sindinabe, ndipo sindikanama pamaso pa woweruza kuti munthu wa ndevu zake azigona tulo tabwino. Dzina ndikalitchula lonse, ndi nyumba imene amagona. Anene kuti ndine mfiti, anene kuti ndapasula banja, pakamwa ndi pawo.

Koma podula foni apongozi ananena mawu amene akundisowetsa mtendere. Anati ndizikumbukira kuti mwana wanga akudya m'nyumba mwawo. Ananena moseka, koma ine mayi amene aja ndimawadziwa. Ndinamusiya kumeneko chifukwa sukulu ili pafupi, komanso kuti asaiwale kwa bambo ake. Sindinamusiye ngati chikole.

Pempho langa ndi limodzi. Mukamutenge. Inu ndinu malume ake, palibe angakukanizeni. Musakanene kuti ndakutumani, mukangoti amayi athu adwala chifundo cha mdzukulu wawo. Musaiwale yunifolomu ndi kabuku kake ka kuchipatala, zina zonse zitsale. Za basi mungokongola kaye, ine pakali pano ndilibe ngakhale pogwira.

Mlandu ukulowa kumapeto kwa mwezi uno. Akangofika pakhomo panu mundiimbire, ndimve mawu ake ndi khutu langa. Mukachedwa ndikanenabe zoona, Achimwene, koma ndikanena ndikulira.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma za khoti musawauze kaye, angakwere magazi. Moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Muwauze aphunzire kukana akadali aang'ono.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Make mwana