Pakadali pano ndi makoswe

Lachitatu. Tsiku lonse mtima uli m'mwamba.

Bala la pamwendo limene bambo anabwera nalo kuchokera kuchilumba cha Mbenji silikupola, ndipo lero layamba kununkha. Mng'ono wanga Tamanda, amene akuphunzira zasayansi kuyunivesite, anaimba foni masana. Akuti iye ndi anzake akupanga mankhwala onanda ngati therere. Ukawapaka pabala, mumadutsa timagetsi todzutsa mnofu kuti umerenso.

Bambo atamva anaseka. "Magetsi ake omazimazimawa? Ndiye kuti bala lizipola mwa apo ndi apo!"

Ndinatuluka panja n'kumufunsa Tamanda kuti mankhwalawo afika liti kuchipatala kwathu kuno.

"Achemwali, pakadali pano tikuyesera pa makoswe."

Bambo sindinawauze zimenezo. Mawa adokotala akaona mwendowo, ndipo akakangotchula zodula, ine sindikudziwa kuti...