Dzina la M'sutikesi ya Amayi

Ku kampu ya maphunziro a usilikali,
Chigawo cha Maputo.
Lamulungu, 9 Okutobala 2022.

Okondedwa achemwali anga a Ermelinda,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Gurue. Ine thupi lili bwino, kupatula mawondo. Kalatayi ndapatsira a Jaime amene amatiphikira kuno, akupita kwawo ku Mocuba kumaliro, ati akakweza pa galimoto yobwera kwanuko. Mafoni anatilanda tsiku lofika, ndiye mupirire ndi kalembedwe kanga, mukudziwa sukulu ndinalekera kalasi yachinayi. Muwerenge muli nokha, musapatse mwana kuti akuwerengereni.

Sindili ku Nampula, ndipo sindikumanga nyumba za anthu monga ndinanenera potsanzika. Ndili ku usilikali, uno ndi mwezi wachitatu. Koma nkhani imene yandigwiritsa cholembera si imeneyo. Kabuku kobadwira ka malemu mng'ono wanga Faustino, kamene amayi amasunga m'sutikesi pansi pa nsalu yawo ya kutchalitchi, ndinatenga ndine. Ngati akukasowa n'kumakayikira mkazi wanga Olinda, poti ndiye amasesa m'nyumbamo, muwauze kuti wakuba ndi mwana wawo amene.

Mukudziwa mmene zinalili nditatuluka kundende ya ku Quelimane. Zaka zisanu zija ndinagwira chifukwa cha diso la a Calisto limene ndinaphulitsa ndi mpini titaledzera, ndipo sindikana. Mowa ndinasiya, inu ndinu mboni. Koma ku esiteti ya tiyi, kwa olemba alonda, ngakhale kwa okonza msewu, onse amafuna pepala la kukhoti losonyeza kuti sunamangidwepo, ndipo langa limatuluka ndi mlandu. Mwana wanga Telma atadwala malungo chaka chatha ndinamubereka kumsana mpaka kuchipatala wapansi, njinga zamoto zikundidutsa, akutentha ngati mbaula. Sabata yomweyo ndinamva pa wailesi kuti akulemba asilikali chifukwa cha nkhondo ya ku Cabo Delgado. Malire ndi zaka 35. Ine ndili ndi 37, ndi mlandu pamwamba. Faustino akanakhala moyo bwenzi ali ndi 29, wopanda banga lililonse. Atamira mumtsinje wa Licungo tinangomuika, palibe anapita kuboma kukalembetsa imfa, ndiye m'mabuku mwawo akadali moyo. Ndinadikira amayi apite kumunda, ndinatsegula sutikesi, ndinapita nako kabukuko kukajambulitsa chitupa. Nkhope ndi yanga, dzina ndi lake.

Sabata yoyamba ndinavutika nalo dzinalo. M'mawa amatiimika pamzere n'kumaitana mayina, ndipo woitana ndi Sajeni Muianga, munthu wa kum'mwera kuno, wamfupi, mawu ngati hutala ya galimoto. Aitana Faustino, ine du, ndikuyang'ana kumbali kuti ndione amene ayankhe. Aitananso, mtima wanga n'kudumpha ngati ndimuona mwini dzinalo akubwera atanyowa.

“Iwe madala! Makutu unasiya kwanu? Kapena dzinali unabwereka?”

Anyamata onse gwa, kuseka. Anandigubuduza m'matope kuchoka pamzere mpaka kukhitchini. Amade, mnzanga wa ku Angoche amene timagundana mabedi, mpaka lero amandiseka. Amati, “Zaka 29 zakezo unayamba kuwerenga utamera kale ndevu? Agogo, bweretsani chikwamacho ndikunyamulireni, mungatifere panjira tisanaone ndi mdani yemwe.” Ine ndimaseka nawo. Kuthamanga ndimakhala wotsiriza, koma kumasula mfuti ndi kuimanganso palibe andiposa, ndipo kugona pansi, kudya nyemba zofumbwa, kukalipiridwa, zonsezo ndinaphunzira kale kumene ndinali. Ndinayamba kuganiza kuti zatheka.

Lachitatu lapitali anatiitanira kuofesi mmodzimmodzi. Loweruka likubwerali tilumbira pa mbendera, kenako ambiri atitumiza kumpoto, ndiye aliyense amalembetsa abale ake: wouzidwa ukafa, ndi ana amene boma lidzawasamale. Sajeni anali ndi pepala patebulo.

“Mkazi?”

Ndinati ndilibe.

“Ana?”

Achemwali, pa pepala lobadwira la Telma palembedwa kuti bambo wake ndi Anselmo. Ndinakalembetsa ndekha, ndili ndi chimwemwe, nditavala malaya a alamu. Faustino anafa wosakwatira. Ndikanatchula mwana akanafuna pepala lake, ndipo mayina sakanagwirizana. Ndinati, “Ndilibe mwana.”

“Mwamuna wamkulu chonchi wopanda ndi mmodzi yemwe? Kwanuko mumangothyola tiyi basi?”

Anajambula mzere pamalo pa ana, n'kuitana wina. Ndinatuluka, ndinapita kuseri kwa thanki ya madzi. Ku Quelimane ndinachitapo manyazi, tsiku lija amayi anabwera kudzandiona atanyamula chinangwa ine nditavala zaukaidi, koma manyazi amenewo sanafike apa. Ndinabwera kuno chifukwa cha mwana ameneyo, ndipo ndamukana ndi pakamwa panga kuti nditeteze bodza. Ndinakhala pansi n'kuganiza bwinobwino. Chipolopolo chikandipeza kumpotoko, uthenga udzafika kwa amayi wakuti Faustino wafa, adzalire mwana mmodzi kawiri. Olinda akadzapita kuofesi ndi Telma kumsana adzamuuza kuti msilikali ameneyu analibe mkazi, analibe mwana, mayi pitani. Ndipo Anselmo adzakhala munthu amene anapita ku Nampula n'kuthawa banja lake. Telma adzakula akudziwa zimenezo.

Palinso china chimene chikundidya. Kwathu dzina la womwalira silitoledwa ngati chikwanje choiwalika kumunda. Amalume a Bonifacio ndiwo amaitana mbumba, amathira ufa wa mapira patsinde pa mtengo, amamuuza mwini wake kuti dzina lako tikupatsa uje, ndipo wolandirayo amalandira pamaso pa anthu, ndi khasu lake lomwe. Paja mwambo wa Faustino tinauimika podikira kuti mwana wanu Dercio akule, ndiye amayi anamusankha. Ine ndinalowa m'nyumba ngati khoswe. Ndabera wakufa, ndaberanso mwana wanu.

Dzulo masana tikuchapa ndinaona Sajeni atakhala yekha pansi pa mtengo wa mkesha akupukuta nsapato. Ndinapita, ndinaima chilili, ndinanena zonse: ndende, diso la a Calisto, kabuku, Telma. Sanadzutse mutu mpaka nsapato imodzi inatha.

“Ukuganiza ndine mwana? Mawondo amenewo ndinawaona tsiku loyamba. A zaka 29 salira chonchija pokwera galimoto.”

Ndinati, “Ndiye nditani, bwana?”

“Lero ndi Loweruka, ndipo Loweruka makutu anga sagwira ntchito. Sindinamve kanthu. Ukafuna, tseka pakamwa, ulumbire ndi anzako, upite kumpoto. Kumeneko palibe adzakufunsa zaka, ndipo mfuti umaidziwa kuposa tianyamata tonseti. Koma pepala lija likhala mmene lilili, ine sindilemba mwana wopanda umboni. Ukafuna zinazo, Lolemba ikangokwera mbendera ubwere kuofesi ya a kapitawo athu aakulu, unenenso ndili pomwepo. Pamenepo ndidzamva.”

Ndinafunsa chimene adzandichite. Anati iye si woweruza. Mwina adzangondivula yunifolomu n'kundionetsa geti, mwina adzandipereka kwa apolisi chifukwa chitupa chabodza ndi mlandu, ndipo munthu womangidwapo kale samumvera chisoni msanga. Anati chimene angathe ndi kunena kuti ndinabwera ndekha, palibe anandigwira. Kenako anati, “Mwanayo ali ndi zaka zingati?” Ndinati ziwiri ndi miyezi inayi. Anati, “Chitsiru iwe,” n'kutenga nsapato inayo.

Amade nditamuuza anandigwira pakhosi pa malaya. Ati, “Madala, wapenga? Watha miyezi itatu ukudya matope, kwatsala masiku asanu ndi limodzi! Mwana amadya dzina? Lumbira, uzitumiza chakudya, zinazo Mulungu adzaona.” Sananame, ndipo ndaganiza mawu ake kwambiri, chifukwa ndikabwerako chimanjamanja tibwerera pomwe tinali, kapena pansi pake. Koma ndayesa kuwerengera mbali zonse. Kundende munthu amatuluka, ndinatulukako kale. Kumene akutitumizako ena sabwerera, ndipo ndikapanda kubwerera ndili Faustino, mwanayo ndamusiya wopanda bambo, wamoyo kapena wakufa. Mawa ndipita kuofesiko. Pamene muziwerenga kalatayi zidzakhala zitachitika kale, ndiye musavutike kundiletsa.

Tsono ndikupempheni izi. Olinda mumuuze ndinu, pang'onopang'ono, asamvere kwa anthu. Mvula isanayambe alamu akakwere padenga la nyumba yanga, mbali ya kumene kumagona mwana kuli lata lobooka, lina latsopano ndinaliimika kuseri kwa khitchini. Khadi la kusikelo la Telma lili m'chitini cha mabisiketi, tsiku lake ndi kumayambiriro kwa mwezi wa mawa, asaphonye. Usiku azigona m'neti ngakhale kutenthe bwanji, amakonda kuikankha ndi miyendo. Mukapanda kumva za ine pofika kumapeto kwa mwezi, mutumize mawu kwa a Jaime akadzabwerera kuno kukampu, adzadziwa kumene andipititsa.

Kabuku ka Faustino sindikatumiza, akakafuna ngati umboni. Ndidzapempha kuti akatha nako abweze kwa amayi. Koma amalume musadikire kabukuko. Muwauze zonse, apite patsinde paja ndi ufa, akamuuze mng'ono wanga kuti dzina lake ndabweza. Ndaligubuduza m'matope, koma sindinabe nalo kanthu, sindinamenye nalo munthu, sindinamwe nalo mowa. Likadali loyenera Dercio.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Kwa amayi sindidziwa mawu oti munene, mungogwada m'malo mwanga, mudzaone ngati adzalole kuti ndidzagwade ndekha. Olinda mumuuze kuti akafuna kubwerera kwawo sindimuimba mlandu, koma ndikanakonda andidikire. Telma mumunyamule, mumuuze kuti bambo ake alipo, ndipo mawa akanena pamaso pa akuluakulu kuti ali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa zaka ziwiri ndi miyezi inayi.

Ndatha miyezi itatu osalilemba dzina ili.

Ndine mlongo wanu,
Anselmo, bambo ake a Telma.