Mizu Iwiri ya Mayi Mochizuki

Bambo a Chizuru,

Musadabwe kupeza mapesi a wasabi, mbewu yathu ya mizu yaukali ija, ali mbwee pathebulo. Ndinali pakati powadula pamene foni inalira. Anali mayi Mochizuki, aja oyandikana nyumba ndi Chizuru ku Mishima. Akuti, "Siyani mpeniwo, mwakhala agogo. Ndi wamkazi, ndipo pakamwa watengera inu." Mwana wabadwa kutatsala milungu itatu, mkamwini wathu ali ku Nagoya, ndiye iwowo ndi amene anathamangira naye Chizuru kuchipatala, epuloni ili m'chiuno. Onse ali bwino. Pakanapanda mayi amenewa, kaya.

Tsono mverani. Mukangofika, pitani kumunda wakumtunda, kumene madzi amazizira kwambiri, mukazule mizu iwiri ikuluikulu ija timasungira Chaka Chatsopano. Muikulunge m'pepala lonyowa, mubwere nayo ku Mishima mawa m'mawa. Zikomo wathu ndi ameneyo, tilibe china choposa. Koma musaipale. Ndikukudziwani inu. Chaka chatha munapaliratu wasabi yense alendo asanafike, ati kundithandiza, anthu n'kudyera soba, chakudya chonga supageti chija, phala lobiriwira lopanda ukali. Akapale okha mayi Mochizuki, mbale ili kale patsogolo pawo, kuti zikomoyo akamumve m'mphuno.

Pepani, mpunga sindinaphike. Simufa.

Takisi yoti ndinyamukire kwa Chizuru ikuchedwa, ndiye ndabwerera ku mapesi aja. Theka ndathira kale mchere. Otsalawo asiyeni, ndidzamaliza ndekha. Ndawadula mokhotakhota, ndipo misozi ikungotuluka. Ndi wasabiyu.

Fusae