Ni Mwendo, Osati M'mimba

Lachiwiri, 9 Januwale

Ba Jameson, amuna anga, agwa kuchokera padenga. Chaka chonse ndikuwaimbira nyimbo ya malata odontha, iwo asankha lero, mvula ili mkati. Lata lawang'amba ntchafu, fupa lathyoka. Magazi ngati tapha mbuzi.

Komboni yathu ya Kanyama yonse madzi m'mawondo. Ululu unawasanzitsa, ndiye a matakisi atangoona masanzi, mawindo tseke. Wina akuti, "Kolera siningakweze, mami." Ba Sultan atelala, aneba athu, ndiwo anabwera ndi wilibala. Ba Jameson, bambo wonyada, wosabwereka ngakhale nyundo, wayenda mumsewu ngati thumba la makala.

Lachitatu, 10 Januwale

Za dzulo sindinamalize. Kukiliniki matenti okhaokha, zidebe, fungo la klorini. Anafuna kuwaika pamzere wa otsegula m'mimba. Iwo anakuwa, "Ni mwendo, osati m'mimba!" mpaka odwala ena kuseka. Nesi Chansa, maso ofiira ndi tulo, anamanga bala bwinobwino n'kupepesa. Maambulansi onse akututa a kolera kupita nawo ku sitediyamu, komwe akuwagoneka. Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka, nsalu ikunyowabe magazi. Mapeto ake lole ya mlamu wa ba Sultan, pamwamba pa matumba a simenti.

Loweruka, 13 Januwale

Chipatala chachikulu. Opaleshoni sinachitike. Madokotala ndi manesi ena anawatumiza kothandiza a kolera, otsalawo sakhala pansi. Kulowa muwadi munthu mmodzi, kanthawi kochepa. Manja anga asuwa ndi klorini. Chakudya cha kunyumba aletsa. Ba Jameson, amene amati ndiwo zanga zimachepa mchere, lero akuzilota.

Bedi loyandikana nalo pali Fabian, kondakitala wa minibasi. Galimoto inamuponda phazi. Awiriwa amakangana za mpira tsiku lonse, wina mwendo m'mwamba, winanso mwendo m'mwamba. Akatswiri.

Lachitatu, 17 Januwale

Bala layamba kununkha. Thupi moto. Lero sanadandaule chilichonse, ngakhale za ine. Ndinawatsina kuti andikalipire. Anangondigwira dzanja.

Ambuye, munthu wovutayu ndi wanga.

Lachisanu, 19 Januwale

Alowa ku opaleshoni, atuluka. Mwendo ulipo, chitsulo mkati. Atatsitsimuka, mawu oyamba: "Malata wakhoma ndani?" Osati moni, osati zikomo. Ndinalira ndikuseka.

Malo a opaleshoni lero anali a munthu mmodzi. Madokotala anamuuza Fabian kuti mawa. Iye anangoti, "Pitani bamudala, ine nikali mwana."

Lamlungu, 4 Febuluwale

Ali kunyumba. Akulamulira ali pamatiresi, ndodo ikuloza uku ndi uku. Wiritsa madzi, samba m'manja, vundikira mbale. Nduna ya zaumoyo ya m'nyumba mwanga. Ba Sultan akabwera, ba Jameson amawatcha "ba dalaivala wanga."

Dzulo kumsika ndinakumana ndi amayi ake a Fabian. Mawa lija linachedwa kufika. Fabian anamudula mwendo pansi pa bondo. Mayiwo sanakwiye. Anandifunsanso za mwendo wa bambo, ine ndinasowa poyang'ana.

Ba Jameson akuti akangoyamba kuyenda apita ku siteshoni, akamupeze Fabian akuitanira anthu pakhomo la basi, akamalize mkangano wawo. Akufunsa ngati ndamva kalikonse za iye.

Ndawauza kuti tiyi akuzizira.